Mwanabere Akatupa: Zizindikiro Zitatu Zimene Zimadzutsa Maselo a T

Ambiri a ife tinakula tikuthamanga opanda nsapato, choncho tikudziwa zimene zinkachitika tikalasidwa ndi munga kapena tikapunthwa pa chitsa. Chilonda chinkakhala kuphazi, koma pakapita masiku awiri kapena atatu ululu unkamvekera kwina. M'mphechepeche munkatuluka kachotupa kolimba ngati nzama, ndipo tinkayenda chotsimphina. Amayi akakhudza pamalopo ankangoti, "Ameneyu ndi mwanabere, mwanangu. Chilonda chikapola nayenso aphwa." Ndipo ankaphwadi.

Nthawi imeneyo sitinkafunsa kuti chilonda cha kuphazi chikutupitsa bwanji malo akutali chonchi. Anabere ndi tiziwalo tooneka ngati nyemba timene munthu aliyense amabadwa nato. M'thupi muli anabere mazana angapo, ambiri mwa iwo m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba. Timawazindikira akatupa basi. Kutupako kumasonyeza kuti m'katimo muli msonkhano, ndipo nkhani ya pamsonkhanopo ndi imodzi: kodi tiwadzutse maselo a T kuti apite kunkhondo, kapena tiwasiye agone?

M'phunziro lino tiona mmene nkhaniyi imagamulidwira. Mfundo yoti tiigwire ndi yakuti selo la T silidzuka ndi chizindikiro chimodzi. Limafuna zizindikiro zitatu. Tikamvetsa chifukwa chake, timvetsanso chifukwa chimene katemera amapwetekera pamkono, chimene matenda atsopano amatengera masiku kuti atisiye, komanso chimene kachilombo ka HIV kamawonongera thupi chotere.

Kodi maselo a T ndi ati?

Kuchipatala timamva akunena za "asilikali a m'thupi". Amenewa ndi maselo oyera a m'magazi, ndipo alipo amitundu yambiri. Ena amalimbana ndi mdani aliyense amene wapezeka, mosasankha, ndipo amafika pachilonda m'maola ochepa. Ena ndi akatswiri: aliyense amadziwa mdani mmodzi yekha. Maselo a T ali m'gulu lachiwirili.

Chilembo cha T chikuchokera ku dzina la chiwalo chotchedwa thymus, chimene chili kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti chiwalochi chilibe ntchito yeniyeni, makamaka chifukwa chimayamba kufota munthu akatha msinkhu. Koma mu 1961, Jacques Miller, yemwe ankagwira ntchito ku London, anachotsa thymus mwa mbewa zongobadwa kumene. Mbewazo zinakula zodwaladwala, zili ndi maselo ochepa oteteza thupi, ndipo akaziika khungu la mbewa ina thupi lawo silinkalikana. Apa zinadziwika kuti thymus ndi sukulu ya maselo amenewa.

Maselowa amayambira m'mafuta a m'mafupa, kenako amapita ku thymus. Kumeneko selo lililonse limasakaniza tizidutswa ta majini ake mwa njira yakeyake n'kupanga kachipangizo kozindikirira mdani, kamene asayansi amakatchula mwachidule kuti TCR. Tingakayerekeze ndi loko amene amatsegulidwa ndi kiyi mmodzi. Selo limodzi limakhala ndi maloko masauzande ambiri pakhungu lake, koma onsewo ndi ofanana. Selo loyandikana nalo lili ndi maloko ena. Motero thupi limakhala ndi mitundu mamiliyoni ambiri ya maloko, ngakhale ya matenda amene silinakumanepo nawo.

Popeza malokowa amapangidwa mwamwayi, ena amatuluka opanda ntchito ndipo ena amatuluka oopsa, oti angatsegulidwe ndi mapuloteni a thupi lathu lomwe. N'chifukwa chake ku thymus kuli mayeso awiri. Oyamba amafunsa ngati selolo lingathe kuwerenga uthenga umene maselo anzake akulionetsa. Achiwiri amafunsa ngati lingaukire thupi la mwini wake. Maselo oposa 95 mwa 100 alionse amalephera ndipo amafera komweko. Opambanawo amatuluka ali m'magulu awiri akuluakulu. Okhala ndi puloteni ya CD8 ndi amene adzaphe maselo odwala. Okhala ndi puloteni ya CD4 ndi amene adzatsogolere ndi kuthandiza asilikali ena. Koma onsewa potuluka amakhala asanaonepo nkhondo. Amangozungulira, kuchoka m'magazi kulowa mwa mwanabere, kutuluka, kulowanso mwa wina, usana ndi usiku, kudikira kiyi wawo.

Mdani amaonekera m'mbale

Selo la T lili ndi khalidwe lodabwitsa. Likhoza kudutsana ndi vairasi m'magazi osachitapo kanthu. Limaona mdani pokhapokha selo lina litamuduladula n'kuika kachidutswa kake m'kambale kapadera kotchedwa MHC, n'kukaonetsa kunja.

Amene anatulukira zimenezi ndi Peter Doherty ndi Rolf Zinkernagel, ku Canberra m'dziko la Australia, mu 1974. Iwo anapeza kuti maselo a T a mbewa ina ankapha maselo ogwidwa ndi vairasi pokhapokha ngati maselowo anali ndi MHC yofanana ndi ya mbewayo. Vairasi yomweyo ikakhala m'selo la MHC yachilendo, sankaiona. Tanthauzo lake n'lakuti loko wa selo la T amawerenga zinthu ziwiri pamodzi, kambale ndi zimene zili m'kambalemo. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1996.

Timbale timeneti tili mitundu iwiri. Mtundu woyamba, MHC I, umapezeka pafupifupi pa selo lililonse la thupi, ndipo umaonetsa tizidutswa ta mapuloteni amene akupangidwa m'kati mwa selolo. Zili ngati nyumba iliyonse m'mudzi ikuika pakhonde kambale ka ndiwo zimene yaphika tsiku limenelo. Vairasi ikalowa m'selo n'kuyamba kupangitsa mapuloteni ake, tizidutswa take timaonekera pakhondepo, ndipo amene amayang'ana timbale timeneti ndi maselo a CD8. Mtundu wachiwiri, MHC II, uli ndi maselo ochepa okha, amene ntchito yawo ndi kumeza zinthu zochokera kunja n'kuzionetsa. Timbale tawo timawerengedwa ndi maselo a CD4.

Mthenga wochokera pachilonda

Tsopano pali vuto la mtunda. Mabakiteriya alowera kuphazi, koma maselo a T amene sanaonepo nkhondo safika kuphazi. Amakhala m'magazi, mwa anabere ndi m'kapamba. Ndani akawauze?

Mu 1973, Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn a pa Rockefeller University ku New York anaona selo lachilendo lokhala ndi manja ambiri ngati nthambi za mtengo. Analitcha dendritic cell, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mtengo. Ife tilitchule kuti selo lanthambi. Panapita zaka zambiri asayansi ena akukayikira kufunika kwake, koma lero tikudziwa kuti ndilo mthenga wamkulu amene amadzutsa maselo a T koyamba. Steinman anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2011, ndipo anamwalira kutatsala masiku 3 kuti mphothoyo ilengezedwe.

Maselo anthambi amakhala pamalire a thupi: m'khungu, m'mapapo, m'matumbo ndi m'malo ena amene tizilombo tingalowere. Nthawi zonse amakhala akumeza timadzi ndi tizinyenyeswa ta pamalopo. Ali ndi tizipangizo tonunkhizira zinthu zimene tizilombo tokha ndi timene tili nazo, monga zomangira khoma la bakiteriya kapena majini a vairasi. Gulu lodziwika kwambiri la tizipangizoti limatchedwa Toll-like receptors. Selo lanthambi likanunkhiza zoterezi limasintha khalidwe. Limaleka kumeza zatsopano, limadzaza timbale take ndi tizidutswa ta mdani uja, n'kuchoka pachilondapo. Limalowa m'timitsempha tonyamula madzi a m'thupi otchedwa lymph, ndipo timitsempha timeneti timathera mwa mwanabere wapafupi. Timitsempha ta kuphazi timapita m'mphechepeche. Ta kudzanja timapita m'khwapa, ndipo ta kukhosi ndi m'kamwa timapita m'khosi. Ndiye chifukwa chake dzino likawawa chotupa chimamveka pansi pa chibwano.

Chizindikiro choyamba: kodi ndi iyeyu?

Mthenga akafika mwa mwanabere amatambasula nthambi zake, ndipo maselo a T amadutsa n'kumakhudza timbale tija mmodzimmodzi. Pa ola limodzi, selo lanthambi limodzi likhoza kukhudzana ndi maselo a T mazana ngakhale masauzande. Pafupifupi onse amangodutsa chifukwa kiyiyo si wawo. Kwa mdani amene thupi silinamuonepo, selo loyenera limatha kukhala limodzi mwa 100,000, mwinanso limodzi mwa 1,000,000. Tikanati maselo a T aziyendayenda m'thupi lonse kufunafuna mdani, sakanamupeza m'nthawi yake. Mwanabere ali ngati bwalo la mfumu, pamene wodandaula ndi mboni amadziwa kuti akumana.

Selo loyenera likafika, loko wake amagwira kambale pamodzi ndi kachidutswa kaja. Puloteni ya CD4 kapena ya CD8 imagwira m'mbali mwa kambaleko kuti kasaterereke. Selo limaima, mapuloteni ena omata amalimbitsa mgwirizanowo, ndipo maselo awiriwa amakhala ogundana kwa maola angapo. Ichi ndi chizindikiro choyamba. Chimayankha funso lakuti, kodi chimene chili m'mbalemu ndi chimene ndinabadwira kudzachizindikira?

Chizindikiro chachiwiri: kodi ndi mdanidi?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tikumbuke kuti mayeso a ku thymus sagwira onse. Maselo ena amene angaukire thupi amapulumuka. Komanso pali zinthu zambiri zachilendo zimene si zoopsa, monga mapuloteni a m'nsima, m'nyemba ndi m'mtedza amene timadya tsiku ndi tsiku. Maselo anthambi amanyamulanso tizidutswa ta zinthu zimenezi ndi ta thupi lathu lomwe. Selo la T likanati lizidzuka nthawi iliyonse imene loko wake wagwira kanthu, bwenzi tikudwala ndi chakudya chathu ndiponso ndi magazi athu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Selo la T limafunsa kachiwiri. Pakhungu lake pali puloteni yotchedwa CD28, imene imafunafuna mnzake wotchedwa B7 pakhungu la mthenga. Selo lanthambi limaonetsa B7 wochuluka pokhapokha litanunkhiza tizilombo kapena litaona maselo akuwonongeka. Mthenga amene wachokera pamalo amtendere amabwera ndi kambale kokha. Wochokera pachilonda cha mabakiteriya amabwera ndi kambale ndi B7 yemwe. Choncho chizindikiro chachiwiri ndi umboni wakuti kumene kachidutswako kachokera kulidi ngozi.

Nanga selo likalandira chizindikiro choyamba chokha? Mu 1987, Marc Jenkins ndi Ronald Schwartz a ku United States anasonyeza kuti selo lotero silibwerera mmene linalili. Limazizira, moti ngakhale litadzakumananso ndi kachidutswa komweko silidzuka. Asayansi amatcha zimenezi anergy. Taonani nzeru yake: selo limene lazindikira chinthu panthawi yamtendere ndiye kuti mwina likuloza thupi lomwe kapena chakudya, choncho limatontholetsedwa lisanavulaze munthu.

Mfundoyi imatithandiza kumvetsa katemera. Mu 1926, Alexander Glenny wa ku Britain anapeza kuti katemera wa diphtheria ankagwira bwino kwambiri akamusakaniza ndi mchere wa aluminiyamu. Mpaka lero akatemera ambiri, monga wa kafumbata, amakhala ndi zinthu zoterezi. Puloteni yoyeretsedwa payokha imapereka chizindikiro choyamba, koma siichenjeza mthenga mokwanira. Chowonjezeracho ndicho chimachititsa kaphokoso pamalo obayidwawo kuti maselo anthambi anyamuke ndi B7 wawo. Akatemera okhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga BCG amene anatisiyira chipsera pamkono ndi katemera wa chikuku, amabweretsa okha chenjezolo. Choncho mwana akatentha thupi pang'ono kapena akatupa pamene abayidwa, nthawi zambiri ndiye kuti mthenga wamva ndipo wanyamuka.

Palinso nkhani yomvetsa chisoni yosonyeza mphamvu ya CD28. Mu March 2006, ku London, anthu 6 athanzi anabayidwa mankhwala oyeserera otchedwa TGN1412. Mankhwalawa ankagwira CD28 mwamphamvu kwambiri moti maselo a T ankadzuka ngakhale popanda chizindikiro choyamba. Pasanathe tsiku, onse 6 anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ziwalo zawo zikulephera kugwira ntchito chifukwa maselo ambirimbiri anadzuka nthawi imodzi. Onse anapulumuka, koma mmodzi anataya zala za kumanja ndi za kumapazi. Zizindikirozi zimafunika zonse pamodzi, china chisalowe m'malo mwa chinzake.

Chizindikiro chachitatu: timenye bwanji?

Adani a thupi safanana. Vairasi imabisala m'kati mwa selo. Bakiteriya wa chifuwa chachikulu amakhala ndi moyo m'mimba mwa selo lomwe lamumeza. Nyongolotsi ya likodzo ndi yaikulu moti palibe selo lingaimeze. Chida chophera mmodzi sichingaphe mnzake. Ndiye mthenga ndi maselo ena a pamalopo amatulutsa timapuloteni tonyamula malangizo, totchedwa cytokine. Ichi ndi chizindikiro chachitatu, ndipo chimauza selo la T mtundu wa msilikali amene liyenera kukhala.

Mu 1986, Tim Mosmann ndi Robert Coffman anasonyeza kuti maselo a CD4 amagawika m'magulu malinga ndi ma cytokine amene amatulutsa. Selo likadzuka pamene pali IL-12 limakhala la gulu la Th1. Limatulutsa interferon gamma, amene amapatsa mphamvu maselo omeza tizilombo kuti aphe zimene ameza. Gulu limeneli ndi lofunika kwambiri polimbana ndi chifuwa chachikulu. Likadzuka pamene pali IL-4 limakhala la Th2, gulu lolimbana ndi njoka za m'mimba ndi likodzo. Gulu lomweli likalakwitsa n'kuyamba kulimbana ndi fumbi kapena mungu wa maluwa, munthu amavutika ndi mphumu ndi ziwengo. Pambuyo pake kunapezeka magulu ena. La Th17 limateteza khungu, m'kamwa ndi m'matumbo ku mafangasi ndi mabakiteriya ena. Gulu lina limatsalira mwa mwanabere momwemo kuti lithandize maselo a B kupanga ma antibody amphamvu ndi okhalitsa.

Maselo a CD8 nawo amafuna chizindikiro chachitatu kuti akhale akupha okhwima. Nthawi zambiri amadaliranso anzawo a CD4. Selo la CD4 limene ladzuka limagwira mthenga uja pa puloteni yotchedwa CD40 n'kumulimbikitsa, ndipo mthengayo akatero amatha kudzutsa bwino maselo a CD8. Tisunge mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo.

Zochitika m'kati mwa selo

Loko ali kunja, koma majini amene ayenera kuyatsidwa ali pakatikati pa selo. Uthenga umayenda mopatsirana. Kumchira kwa CD4 kapena CD8 kuli puloteni yotchedwa Lck. Loko akagwira kambale, Lck amafika pafupi ndi mapuloteni a CD3 amene amakhala pamodzi ndi lokoyo, n'kuwadinda chizindikiro. Chidindocho chimaitana puloteni ina, ZAP-70, imene imadindanso ena. Mapeto ake kashiamu amasefukira m'selo n'kudzutsa puloteni ya calcineurin, ndipo iyo imatsegulira njira puloteni ya NFAT kuti ilowe kumene kuli majini. Uthenga wochokera ku CD28 umafikanso komweko kudzera njira yake. Mauthengawa akakumana, selo limayamba kupanga IL-2, chakudya cha kuchulukana, pamodzi ndi tizipangizo tolandirira IL-2 yemweyo.

Mayinawa angaoneke ngati ongoloweza pokonzekera mayeso, koma pali miyoyo ya anthu imene ikudalira mzere umenewu. Munthu akapatsidwa impso ya munthu wina, maselo ake a T amaona MHC yachilendo n'kufuna kuiwononga. Mankhwala a cyclosporine ndi tacrolimus amatseka calcineurin, IL-2 sapangidwa, ndipo impsoyo imakhala. Mtengo wake ndi wakuti wodwalayo amagwidwa msanga ndi matenda ena.

Selo likayamba kugawikana, limatha kutero pa maola 6 mpaka 8 alionse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati likugawikana katatu patsiku, pa masiku 5 lagawikana ka 15. Tikachulukitsa 2 ndi 2 maulendo 15 tipeza 32,768. Amenewa achokera ku selo limodzi, ndipo onse ali ndi loko wofanana. Tikawonjezapo magazi ochuluka amene akulowa mwa mwanabere, ndi maselo ena amene akutsekeredwa m'menemo kuti nawonso aone timbale tija, tikuona chimene chimatupitsa kachiwaloka. Ululu umabwera chifukwa kachikopa kokuta mwanabereyo kakukokeka.

Pakatha masiku angapo asilikali atsopanowa amatuluka, kulowa m'magazi n'kulunjika pamalo a matenda. Tsopano safunanso kufunsa kawiri. Selo la CD8 likangoona kachidutswa kake pakambale ka selo lodwala, limaboola selolo ndi puloteni ya perforin n'kulowetsamo ma granzyme amene amalichititsa kudzipha, kenako limapita pa lina. Kwa matenda atsopano, zonsezi zimatenga pafupifupi mlungu umodzi kapena kupitirirapo pang'ono kuti zifike pachimake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pamasiku odikirawo tizilombo natonso timakhala tikuswana, ndipo nthawi zina ndi ito timapambana. Mdani akagonja, maselo pafupifupi 90 mwa 100 alionse amafa. Otsalawo amakhala maselo okumbukira, amene amakhala zaka zambiri ndipo amadzuka msanga. Ntchito ya katemera ndi kutipatsa maselo okumbukirawa tisanakumane ndi matenda enieniwo.

Mabuleki

Galimoto yothamanga chonchi imafunika mabuleki. Selo la T likadzuka limayamba kuonetsa puloteni ya CTLA-4, imene imagwira B7 mwamphamvu kuposa CD28 n'kumulanda. Patsogolo pake limaonetsanso PD-1, imene imalifooketsa likamenya nkhondo nthawi yaitali. Palinso gulu lapadera la maselo a CD4 limene ntchito yake ndi kuletsa anzawo. Shimon Sakaguchi wa ku Japan analifotokoza mu 1995, ndipo mu 2025 iye pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mabuleki akalephera, maselo a T amaukira mwini wake. Matenda a shuga a mtundu woyamba, amene kawirikawiri amayamba munthu ali mwana, amabwera maselo a T akawononga maselo opanga insulin. Komanso khansa zina zimapezerapo mwayi pa mabulekiwa, zimawaponda kuti asilikali azisiye. James Allison wa ku United States ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, amene anatulukira PD-1 mu 1992, anasonyeza kuti kumasula mabulekiwa kungathandize thupi kulimbana ndi khansa. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, ipilimumab, anavomerezedwa mu 2011 pochiza khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Monga tingayembekezere, vuto lalikulu la mankhwalawa ndi lakuti mwa odwala ena maselo omasulidwawo amaukiranso matumbo, khungu kapena ziwalo zina.

Pamene mtsogoleri wagwidwa

Kuno kwathu mawu akuti CD4 si achilendo. Ambiri tinawamva koyamba kwa m'bale amene anabwera kuchokera kuchipatala n'kunena kuti chitetezo chatsika. Kachilombo ka HIV kamagwira puloteni ya CD4 yomwe ija, pamodzi ndi ina yotchedwa CCR5 kapena CXCR4, n'kulowa m'selo. Kamaswana bwino kwambiri m'selo limene ladzuka. Ndiye kuti thupi likamadzutsa maselo a CD4 kuti amenyane ndi kachilomboka, limakhala likukakonzeranso malo oswanirana.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kokwana mayikulolita imodzi. Akatsika kufika pansi pa 200, matenda amakhala afika poopsa. Zimene taphunzira zikutiuza chimene chingachitike. Popanda Th1, bakiteriya wa chifuwa chachikulu amene anali atatsekeredwa amamasuka. Popanda Th17, m'kamwa mumatuluka zoyera za mafangasi. Maselo a CD8 akasowa owathandiza, mavairasi akale amadzuka, n'chifukwa chake mashingozi amatuluka. Maselo a B nawo amapanga ma antibody ofooka. Kachilomboka kachotsa mtsogoleri mmodzi, koma magulu onse asokonekera.

Ma ARV amaletsa kachilomboka kuswana, ndipo maselo a CD4 amayamba kuchulukanso. Dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'zipatala zambiri mu 2004. Kale munthu ankadikira kuti CD4 itsike kaye, koma kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Chifukwa chake tikuchiona: selo lililonse la CD4 limene lafa limapita ndi loko wake, ndipo thymus ya munthu wamkulu imapanga atsopano pang'onopang'ono. Kuyezetsa msanga ndi kumwa mankhwala mokhulupirika kumapulumutsa maloko amenewa asanatayike.

Tibwerere kwa mwanabere

Amayi aja ankanena zoona. Mwanabere wobwera ndi chilonda, wopweteka ndiponso wophwa chilondacho chikapola, ndi umboni wakuti mthenga wafika, selo loyenera lapezeka, lafunsa kawiri, lalandira malangizo ndipo likuchulukana. Chofunika kwa ife ndi kutsuka ndi kusamalira chilondacho, n'kupita kuchipatala chikayamba mafinya, kufiira kukamafalikira kapena thupi likatentha. Koma mwanabere amene watha milungu ingapo osaphwa, amene akukulirakulira, wolimba osapweteka, kapena amene wabwera ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ameneyo si wongomuyang'ana. Akhoza kukhala chifuwa chachikulu cha mwa anabere, HIV kapena khansa, ndipo zonsezi zimathandizika bwino zikapezeka msanga. Tisamutsinetsine kapena kumutema mphini. Tipite naye kuchipatala, ndipo tikaona mwana wa m'kalasi mwathu kapena wa kunyumba ali ndi chotupa chotere, tiwauze makolo ake.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu zizindikiro zitatu zimene selo la T limafuna, ndi funso limene chilichonse chimayankha.
2. N'chifukwa chiyani bala la pachala cha kudzanja limatupitsa m'khwapa osati m'mphechepeche?
3. Kholo lina lakana kubayitsa mwana katemera wachiwiri chifukwa woyamba anamutenthetsa thupi. Mungalifotokozere bwanji pogwiritsa ntchito chizindikiro chachiwiri?
4. Selo likugawikana pa maola 8 alionse. Padzakhala maselo angati pakatha masiku 3?
5. HIV imagwira maselo a CD4, koma munthuyo amadwala matenda osiyanasiyana. Tchulani atatu, ndipo pa lililonse nenani gulu la asilikali limene lasowa mtsogoleri.